Imelo isamalamule seva yanu mwachindunji

Achimwene, mwafunsa njira yoti imelo ikafika pa seva ya ku ofesi kwanu ku Limbe, script iyambe yokha kutulutsa lipoti la malonda. Zimatheka. Pa Postfix, pulogalamu yolandira ndi kutumiza maimelo pa seva, mumangolemba mzere mu /etc/aliases, monga lipoti: "|/usr/local/bin/lipoti.sh", kenako n'kuyendetsa lamulo la newaliases, basi imelo yonse imalowa mu script yanu. Koma musathere pamenepo.

Adiresi ya imelo aliyense akhoza kuilembera, ndipo mzere wa From: si umboni wa chilichonse. Munthu wodziwako SMTP, njira imene maimelo amatumizidwira, amaikapo dzina la bwana wanu osavutika n'komwe. Script yongoyang'ana From: ili ngati mlonda wotsegula geti kwa aliyense amene watchula dzina la mwini nyumba. SPF ndi DKIM, njira zofufuzira kumene imelo yachokera, n'zothandiza, koma zimatsimikiza domain yomwe imelo yachokera, osati munthu amene wailemba. Wina akaba pasiwedi ya bwanayo, zonse zidzaoneka zolongosoka. Ine ndimakhulupirira siginecha ya PGP, imene wolemba amasaina ndi kiyi yake yachinsinsi: script ichite gpg --verify ndipo ikane chilichonse chosasainidwa ndi kiyi yomwe munaika nokha. M'mawu osainidwawo muzikhalanso tsiku ndi nambala yogwira ntchito kamodzi kokha, apo ayi wina adzangotumizanso imelo yakale yomweyo.

Ngakhale siginecha ikhale yolondola, mawu a mu imelo asafike ku shell, pulogalamu yoyendetsa malamulo pa seva. Osati Subject, osati dzina la fayilo yomwe yaphatikizidwa, ndipo eval, yomwe imayendetsa mawu ngati malamulo, muiiwaliretu. Script ikhale ndi mawu ake ochepa amene imawadziwa, tinene LIPOTI ndi BACKUP, ena onse iwataye ndi kulemba mu log. Amene analipo mu 2014 akukumbukira Shellshock, vuto la shell ya Bash lomwe linkathanso kudzera pa imelo pa ma seva a qmail, pulogalamu ina ya maimelo.

Script musaiyendetse ngati root, user wa mphamvu zonse pa seva. Ya mu /etc/aliases imayenda ngati nobody, user wa mphamvu zochepa, koma ndi bwino kupanga user wakewake ndi kuika pipe (njira yopatsira script imelo mwachindunji) mu master.cf, fayilo yoyendetsera Postfix; mmenemo Postfix imakana yokha mukaikapo root.

Ndikanakhala inu, kulandira ndi kuchita ndikanazilekanitsa. Imelo izingogwera mu Maildir, foda yosungira maimelo pa disiki, ndiye cron, yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, iziyambitsa script yoiwerenga pakapita mphindi 5 zilizonse. Wina akakutumizirani maimelo ambirimbiri, seva siyambitsa script pa imelo iliyonse. Komanso mukudziwa mmene magetsi amachitira kuno ku Blantyre: akazima ntchito ili pakati, imelo imakhala ikadali pa disiki, n'kudzayambiranso akabwera. Mukasankhabe pipe, script izituluka ndi exit code 75 ikalephera kwa kanthawi, kuti Postfix isunge imeloyo ndi kudzayesanso.

Ena akuuzani za procmail, pulogalamu yosanja maimelo ofika. Mtundu wake wa 3.22 utatuluka mu 2001, panapita zaka zambiri popanda wina watsopano, ndiye pa seva yatsopano ine sindingaiikepo.