Funsani Alangizi: Nkhuku zikutha usiku chonsecho khola ndinatchinga ndi waya

Alangizi ndithandizeni mutu wanga waima. Ndinali ndi nkhuku 14 kuseri kwa nyumba, pano zatsala 8. Khola ndinamangitsa labwinobwino la matabwa, denga la malata, kampanda kake ndinazunguliza chikeni waya uja wa mabowo ngati chisa cha njuchi. Sabata yatha ndadzuka m'mawa ndapeza 4 zili kwala, zolumidwa pakhosi koma zosadyedwa, imodzi mutu palibe. Patangodutsa masiku atatu zina 2 zasowa ndi nthenga zomwe, pansi pa waya pali kadzenje. Anzanga ena akuti ndipeze galu, ena akuti ndithire poizoni. Ndiyambire pati? — Mayi wokhumudwa

Pepani kwambiri amayi, nkhuku 6 sabata imodzi nzowawa, makamaka ngati zinali zoikira. Koma mwachita bwino kufotokoza mmene munazipezera chifukwa mitembo ija imaulula yokha amene anabwera, ndipo mmene ndikuonera ine alendo anuwo ndi awiri osiyana.

Woyamba uja wopha 4 usiku umodzi nkuzisiya pompo, kuluma pakhosi kapena kunkhongo, ndi wa gulu la tinyama towonda thupi monga nyenga, likongwe kapena mwili. Anthu amati timangoyamwa magazi, ayi sichoncho, kungoti nkhuku zikayamba kuphupha m'khola mopanda kothawira, kanyamako kamangoluma chilichonse chogwedezeka mpaka m'khola mutati zii. Wachiwiriyo ndi wokumba, wonyamula nkukadyera kutali, khalidwe limenelo ndi la nkhandwe. Galu nayenso amakumba koma kawirikawiri amasiya chipwirikiti, nthenga mbwee paliponse, nkhuku zothyoka msana zili apa ndi apo.

Nde tiyambe ndi wayayo, chifukwa mpamene anthu ambiri timapusitsika. Chikeni waya ntchito yake ndi yoletsa nkhuku kutuluka basi, kuletsa mdani kulowa siyake. Ndi wopyapyala, wongopota osati wowotcherera, galu wanjala akamugwira ndi mano nkukoka amatambasuka, mabowo ake amakhala masentimita 2.5 ena mpaka 5, pomwe kanyama kowonda kaja mutu ukangolowa ndiye kuti thupi lonse ladutsa. Akayamba dzimbiri ndiye basi mukhoza kumung'amba ndi manja. Amene mukufunika ndi meshi yowotcherera ya timabowo ta makona anayi ta mamilimita 13, ogulitsa ambiri amati hafu inchi, yokutidwa kuti isachite dzimbiri msanga. Pogula pisani chala chamkombaphala pabowo, chikalowa mosavuta isiyeni.

Ndikudziwa meshi imeneyi ndi yodula kuposa chikeni waya, nde ngati thumba silikulola kuzunguliza ponse musadandaule, yambani ndi nyumba yogonamo, mawindo ake ndi mipata yonse, kenako m'munsi mwa kampanda kuchokera pansi kufika masentimita 90. Chikeni waya wanu uja musamutaye, akhoza kukhala kumtunda ndi padenga la kampanda kutchinga akabawi masana, bola usiku nkhuku zikhale zotsekeredwa m'nyumba yolimba ija.

Kakhomedwe nako nkofunika. Timisomali topinda tating'ono tija timazuka chinthu chikakankha mwamphamvu. Gwiritsani masikuluwu okhala ndi mawashala, motalikirana masentimita 15, kapena panikizani meshiyo pakati pa matabwa awiri nkukhoma. Pamene zidutswa ziwiri zakumana zisanjikizane masentimita 5 kapena kuposa, nkuzisoka ndi waya ngati mukusoka thumba, osangozigundanitsa.

Za wokumbayo tsopano. Njira ilipo yokumba ngalande yakuya masentimita 30 kuzungulira kampanda konse nkukwirira meshi choimirira, imagwira ntchito koma msana umapweteka, pamiyala kapena pamizu ya mitengo ndiye mungalire. Ine ndimakonda yomwe ndimaitcha mkeka. Mumatenga meshi, kuipinda m'munsi mwa mpanda kuti igone pansi choloza kunja, mulifupi masentimita 45 mpaka 60, kuimangirira bwino kumpandawo, kuikhomerera pansi ndi tizitsulo topinda kapena kutsindira miyala, kenako kuwazapo dothi pang'ono, udzu ukamera siionekanso. Chinsinsi chake nchakuti nyama yokumba imafika mpaka patsinde penipeni pa mpanda ndiye nkuyamba kupalasa, zikhadabo zimagunda waya, imasuntha cham'mbali kuyesanso, waya yemweyo, nzeru yoti ibwerere m'mbuyo hafu mita nkuyambira kumeneko imabwera mwa apo ndi apo. M'makona musasiye mpata, ndipo pansi pa geti yalani njerwa kapena thirani simenti chifukwa mpamene dothi limakumbika ndi mapazi athu omwe.

Mukamaliza zonsezi chitani ichi, anthu amandiseka koma chinandiphunzitsa ndi chisoni. Masana dzuwa lili paliwombo lowani m'nyumba ya nkhukuyo, wina akutsekereni, khalani kaye maso azolowere mdima, kenako yang'anani paliponse pamene pakulowa kuwala. Ine khola langa loyamba ndinkalinyadira zedi, meshi yabwino, loko wamkulu, koma misoti 3 inapita usiku umodzi. Ndinazungulira kunja kangapo osaona kanthu. Nditalowa mkati nkugwada pa utuchi paja, kuyang'ana kumwamba, ndinangoona timabowo ta kuwala tili ndondondo pamene malata agona pa mtanda, mafunde a malata aja amasiya mpata uliwonse wolowa zala ziwiri, ndipo pa limodzi panali titsitsi tofiirira titakodwa pa msomali. Kuyambira tsiku limenelo mipata imeneyo ndimatseka ndi meshi yopindapinda kapena thabwa losema motsata mafundewo. Onaninso kumahinjesi a chitseko, chivundikiro cha moikira mazira, ndi matabwa apansi ngati ena afumbwa.

Chitseko chisakhale chotsekera kamsomali kopinda kongotembenuza kaja, galu akangokankha ndi mphuno katseguka. Ikani bawuti yokoka yokhala ndi pokolekera loko kapena kachitsulo, ndipo chitseko chikhale chothina m'mbali zonse. Nkhuku mumdima siziona bwino, zikakwera pogona zimangokhala duu ngakhale chinthu chikuzifwenkha, nchifukwa chake kutseka kukangoyamba kuchita chisisira nkofunika kuposa china chilichonse, osati mukatha kuonera filimu 10 koloko. Muziziwerenga potseka. Masiku anowa mlendo wanuyo abweranso ndithu, wazolowera.

Galu angathandize ngati anakulira limodzi ndi nkhuku, koma galu wongomutenga lero akhoza kumaliza 8 zatsalazo iye yemwe. Poizoni ayi amayi, chonde. Amene mukumufunayo mwina sadya nkomwe, adya ndi mphaka wanu, galu wa aneba, nkhuku zomwezo, osanenanso za ana osewera pabwalo.

Ndikufuna kuyamba ndi matadzi 10 a mazira. Khola likhale lalikulu bwanji, nanga ndi bwino likhale pansi kapena lam'mwamba? Mkazi wanga akuti nditseke paliponse osasiya ngakhale windo kuti zilombo zisalowe. — Bambo woyamba kumene

Bambo, muyezo wosavuta kukumbukira ndi uwu, nyumba yogona ya mamita 2 mulitali ndi 2 mulifupi ikwanira matadzi 10, ndipo kampanda koyendamo masana nkhuku iliyonse ipeze malo a mita imodzi mbali zonse, nde mamita 5 kwa 2 zatheka. Mukapanikiza kuposa apo zimayamba kujomphana ndi kuzulana nthenga. Ndodo zogonapo muwerengere masentimita 25 mpaka 30 pa nkhuku, kutanthauza mamita 2.5 mpaka 3 zonse pamodzi, moikira mazira 3 mwakwana, mulimonse masentimita 30 mbali zonse. Ndodozo zikhale pamwamba kuposa moikiramo, apo ayi zizigona moikira nkumaipitsiramo, komanso zitalikire ku meshi kuti chinthu chisapise dzanja kapena mphuno nkukoka nkhuku ili mtulo.

Pansi kapena m'mwamba zonse zimatheka, choipa ndi chapakatikati. Khola lokwera masentimita 10 okha kuchoka pansi ndiye kuti mwamangira makoswe nyumba yaulere, mumdima, mofunda, chakudya chikugwera kuchokera pamwamba. Ngati mukukweza kwezani masentimita 50 kapena kuposa kuti kunsi kuziwala, muzitha kusesako, nkhuku nazo zimapezako mthunzi. Ngati ndi pansi thirani simenti. Kampanda katalike moti inuyo muziima choongoka mkati, khola lolowa chokwawa munthu amachita nalo ulesi kusesa, ndaona ambiri.

Koma apo pa mawindo amayi akunyumba andikhululukire, sindivomereza. Zitosi zimatulutsa mpweya woyabwa m'maso uja wa amoniya, kuphatikiza chinyontho cha mpweya wa nkhuku zomwe, mukatseka ponse zimayamba chifuwa ndi maso otupa, nyengo yotentha zikhoza kufa ndi kutentha komwe. Siyani mipata yaikulu ndithu kumtunda pafupi ndi denga, pamwamba pa mitu ya nkhuku zikagona, mbali ziwiri zoyang'anana kuti mpweya uzidutsa, nkuitchinga ndi meshi ija ya mamilimita 13. Mukalowa m'mawa maso nkumayabwa dziwani kuti mipata yachepa kapena utuchi wanyowa.

Kabawi wanditha anapiye, 5 mwezi uno, amabwera masanasana ine ndikuona. Ndinamva kuti kupachika ma CD akale kumamuopseza, nzoona? — Mtsikana wa anapiye

Kkkk achemwali, amaopa masiku ochepa, akaona kuti chonyezimiracho sichiluma amabwerera ntchito yake. Chimodzimodzi chidole choimika pabwalo, pokhapokha muzichisuntha pafupipafupi. Chokhalitsa nkutchinga pamwamba pa kampanda, ndi chikeni waya kapena neti yolimba yokokedwa bwino, ndipo mbali ina muikeko lata kuti pakhale mthunzi ndi pouma mvula ikamagwa. Dziwani chabe kuti neti imaletsa zouluka zokha, zokwera ngati vumbwe zimaiboola. Anapiye asamayende pamtetete mpaka atamera nthenga zonse, cha pa masabata 6, ngakhale apo akadali ang'ono moti kabawi anyamula, nde muziwatulutsa inu muli pomwepo, pafupi ndi zitsamba kapena kathandala kothawirapo. Kumupha kapena kumutchera msampha musayerekeze, m'maiko ambiri mbalame zimenezi nzotetezedwa ndi lamulo, komanso ndi zomwe zimatichepetsera makoswe. Kutchinga pamwamba kuli ndi phindu linanso, mbalame zakutchire sizitera pa chakudya ndi madzi a nkhuku, zija zimatha kubweretsa matenda ngati chimfine cha mbalame.

Mazira akusowa m'khola, chikhokhombe osachiona ngakhale chimodzi. Matadzi 6 koma tsiku lina ndimatola dzira 1 lokha. Nkhuku zili bwinobwino. — Agogo odabwa

Agogo, poyamba mufunse kaye adzukulu, mdani wa miyendo iwiri nayenso sasiya chikhokhombe. Onaninso ngati matadziwo sakuyoyoka nthenga kapena kukaikira kobisika, chifukwa nthawi zina dzira silinabedwe, silinaikiridwe nkomwe. Zonsezo zikapanda kukhala, ndiye ndikukayikira njoka, imameza lathunthu nkuchoka osasiya chizindikiro. Mukanapeza zikhokhombe zoswekasweka ndi moikira monyowa ndikanati makoswe, khwangwala kapena nkhuku zomwezo zaphunzira kudya mazira.

Njoka nthawi zambiri imabwera potsata makoswe, makoswe nawo amatsata chakudya chotayika, nde nkhondo yake iyambire pamenepo. Chakudya cha nkhuku chizisungidwa mu diramu yachitsulo yovundikira bwino, thumba kapena chigubu cha pulasitiki khoswe amaboola. Madzulo muzichotsa modyera, kusesa zotayika, nkhuku sizidya mumdima nde palibe chomwe mukuzimana. Tchetchani udzu kuzungulira khola, milu ya njerwa, nkhuni ndi malata akale muisunthire kutali. Mazira muzitola kawiri patsiku, cha m'ma 10 m'mawa ndi madzulo potseka, lisagone ngakhale limodzi.

Ndipo agogo, mpaka mutatseka mipata yonse ndi meshi, musamapise dzanja moikira musanaunikemo ndi tochi, njoka ikameza dzira nthawi zina imakanika kutulukira pomwe inalowera nde imangodzipinda pakona pansi pa udzu. Mukaipeza musalimbane nayo nokha, tulutsani nkhuku, ana atalikire, muitane munthu wodziwa kugwira njoka.