Kwa achemwali amene mlandu wawo wa bankruptcy watsekedwa ali ku maliro

Achemwali, choyamba pepani ndi imfa ya mayi. Mwati munafayila Chapter 13 ku khoti la ku America (mlandu wa bankruptcy, pamene munthu amene ngongole zamukulira amapempha kuzibweza pang'onopang'ono), tsiku la 341 meeting (msonkhano umene wofayila amayenera kukayankha mafunso okhudza chuma chake) linakupezani muli ku Dedza kumaliro, ndipo mwabwerako n'kupeza kalata yoti mlandu watsekedwa, a ngongole ya galimoto ayambiranso kuimba foni. Mukufunsa ngati mungafayilenso. Ine si loya, koma njira imeneyi ndinayendamo ndi msuweni wanga, ndiye ndikuuzani zimene ndinaona.

Musanachite chilichonse, werengani bwinobwino chikalata cha jaji chotseka mlanducho. Ngati chasowa, chili pa PACER, webusaiti ya zikalata za makhoti, kapena funsani kwa kalaliki wa khoti. Nthawi zambiri mlandu wotsekedwa motere sukuletsani kufayilanso, ngakhale mawa lomwe. Chimene chingakumangeni ndi Section 109(g) ya lamulo la bankruptcy: munthu amene mlandu wake watsekedwa chifukwa chonyozera dala lamulo la khoti, kapena kusaonekera dala, amadikira masiku 180. Nkhani yonse yagona pa mawu oti dala. Amene wathamangira kukaika mayi ake sanajombe mwamwano, koma jaji sakhulupirira pakamwa pokha. Sungani tikiti ya ndege, chidindo cha mu pasipoti, kalata ya imfa, ngakhale pulogalamu ya mwambo wa maliro.

Ndi mapepala amenewo, ine ndikadayamba ndi kupempha khoti kuti lifafanize chigamulocho, mlandu wakale upitirire. Amati motion to vacate dismissal. Ichi chimafuna changu, makamaka masiku 14 asanathe chitulukireni chigamulo. Zikatheka simulipiranso ndalama yofayilira, yomwe ndi $313 pa Chapter 13, ndipo trustee, munthu woikidwa kuyang'anira mlandu wanu, amangokupatsani tsiku lina la msonkhano.

Tsopano pamene anthu ambiri amagwera m'dzenje ndi apa. Aliyense amaopa masiku 180, n'kuiwala masiku 30. Mutafayila koyamba paja, mafoni anasiya kulira chifukwa cha automatic stay, chishango chimene chimaletsa okongoza kulanda katundu kapena kudula malipiro anu. Chishangocho chinagwa tsiku limene mlandu unatsekedwa, ndiye pano tikunena pano galimoto yanu ili poyera. Mukafayilanso chaka chisanathe, chimabweranso, koma kuyambira 2005 lamulo limati chimatha pa tsiku la 30 pokhapokha mutapempha jaji kuti achitalikitse. Ndipo sikokwanira kungoponya pempholo. Liyenera kumvedwa masiku 30 amenewo asanakwane. Ukalipereka pa sabata yachitatu, kalendala ya jaji imakhala itadzaza kale. Msuweni wanga sanadziwe zimenezi. Iye kalata ya tsiku la msonkhano inapita ku apatimenti imene anali atasamukako, anafayilanso yekha, n'kukhala phee poganiza kuti watetezeka. Tsiku lina m'mamawa akutuluka ndi yunifolomu, chakudya cha ku ntchito m'manja, anangopeza malo oimika galimoto ali mbee. Choncho pempho lotalikitsa stay lipite limodzi ndi petition, chikalata chofayilira mlandu watsopano, tsiku lomwelo. Amene milandu yake iwiri yatsekedwa m'chaka chimodzi ndiye sapeza chishango n'komwe, mpaka jaji avomere.

Zina n'zing'onozing'ono. Satifiketi ya credit counseling, uphungu wa za ngongole umene munthu amalandira asanafayile, imagwira ntchito masiku 180 okha, ndiye onani deti. Ngati yapitirira chitaninso. Fomu imafunsa ngati munafayilapo m'zaka 8 zapitazi, lembani nambala ya mlandu wakalewo. Ngati munayamba kale kulipira kwa trustee, funsani za ndalamazo, chifukwa mlandu ukatsekedwa pulani yobwezera ngongole isanavomerezedwe zotsala zimabwezedwa akachotsapo zolipirira ntchito. Msonkhano weniweniwo si woopsa: jaji sakhalapo, masiku ano ambiri amachitikira pa Zoom, ndipo amafuna ID ya chithunzi ndi umboni wa Social Security number.

Pali china chimene ife a kumudzi timakonda kubisa, ndiye ndinene ngakhale simunafunse. Poloti ku Lilongwe kapena nyumba yosamaliza ku Dedza ndi katundu wanu ndithu pamaso pa khoti la ku America, ndipo mafomu amasainidwa molumbira. Mphatso zopitirira $600 kwa munthu mmodzi m'zaka ziwiri zapitazi amafunsanso, ndipo pa maliro ndikudziwa kuti dola siinakhale m'thumba. Muuzeni loya zonse, iye aone polemba.

Ngati munali ndi loya pa mlandu woyamba, muimbireni lero, mum'funsenso chifukwa chake sanapemphe trustee kusuntha tsiku. Ngati munafayila nokha, pa Chapter 13 musabwerezenso nokha; yambani ndi ofesi ya legal aid ya m'dera lanu, yothandiza pa zamalamulo anthu opeza movutika. Tiuzeni deti limene lili pa chigamulocho tiwerengere limodzi masiku.