Funsani Malume: kiyibodi ya kwaya yapsa ku ukwati, alipire ndani?

Omalume moni. Ine ndine msungichuma wa kwaya ya pampingo wathu kuno kufupi ndi Lizulu. Tili ndi kiyibodi ya Yamaha, ya PSR-E, tidagula mu 2019 titagwira maganyu m'minda ya kachewere, ena kusonkha nkhuku ena chimanga. Nde mwezi watha mkulu wina wampingo adabwera kudzabwereka kuti akaimbire pa ukwati wa mphwake ku Tsangano, ife poti ndi obambo athu tidangopereka, adaputa yake tidaika m'chikwama momwemo. Kumeneko akuti chikwama chidatsalira m'galimoto yomwe idapita kukatenga akwati, anyamata oimba poona kuti nthawi ikutha adangotenga chaja ya laputopu poti kamutu kake kamalowa, kungolumikiza idayaka kamphindi kenako kafungo kakupsa, basi zii mpaka lero. Obambo aja sakukana, akuti abweza ndalama yomwe ili pa lisiti, koma titafunsa mitengo ku Lilongwe ndalamayo singagule olo theka. Kwaya yagawikana, ena akuti agule yatsopano ya m'katoni, ena akuti tingokhululuka poti ndi zapatchalitchi. Titani?
Msungichuma, Lizulu, Ntcheu

Mayi msungichuma, pepani kwambiri, chinthu chogula ndi thukuta la maganyu chikamapsa chonchi mtima umawawa ndithu. Koma musanayambe kukangana za ndalama, kiyibodiyo isayatsidwenso, olo adaputa yake yeniyeni yapezeka musayeserere kuti tione mwina iyaka, mungopsetsa ndi zomwe zidapulumuka.

Chomwe chidachitika n'chakuti ma PSR-E amadya 12V pomwe machaja ambiri a laputopu amatulutsa 19V kapena 20V. Kamutu kulowa sindiye kuti magetsi akugwirizana ayi. Pomwe pamalowa adaputa pamalembedwa ma volts komanso kachizindikiro ka + ndi -, ndipo olo pa Yamaha pomwepo zimasiyana, ma PSR-S akuluakulu ambiri amafuna 16V, pomwe ma pedal a gitala a Boss ndi 9V ndipo + ndi - wake ndi wotembenuza. Izi muwauze anyamata anu onse, osati woimba kiyibodi yekha.

Nkhani yabwino ndi yoti kawirikawiri zikatere chimayamba kupsa ndi kagawo kolandira magetsi, tizipangizo ting'onoting'ono ngati diode, regulator ndi ma capacitor, ndipo mmisiri wodziwa amatisintha pamtengo woti poyerekeza ndi kiyibodi yatsopano ndi wochepa kwambiri. Zikakhala kuti moto udafika pa bodi yaikulu ndiye nkhani yakula, pamenepo pamafunika bodi yochotsa ku kiyibodi ina yakufa ya mtundu womwewo, ndipo nthawi zina kugula ina kumaposa kukonza. Pitani nayo kwa mmisiri yemwe adakonzapo makiyibodi, funsani makwaya ena kapena oimba bandi akulozereni, osangosiya kwa aliyense wokonza mafoni pamsika. Mupite awiri, wa kwaya ndi wa kubanja kwa obambo aja, mmisiri alembe chomwe chafa ndi mtengo wake, ndipo zomwe wachotsa akupatseni.

Tsopano za lisiti. Mu 2019 dola imodzi inali pa ma K700 ndi kanthu. Mu May 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 Reserve Bank of Malawi idaitsitsanso ndi 44 peresenti, dola kufika cha pa K1,700 ku banki. Makiyibodi sapangidwa kuno, ogulitsa amakatenga kunja ndi ndalama zakunja, kuonjezera thiransipoti ndi msonkho, nde ndalama ya pa lisiti ija lero ndi nambala chabe. Munthu akabwereka ngolo n'kuthyola tayala sawerenga kuti mwini adagula zingati kalelo, amakonza mpaka ngolo iyende. Obambo aja adatenga kiyibodi yolira, abweze yolira.

Koma nawonso akufuna ya m'katoni akupyola. Yanuyo yagwira ntchito kuyambira 2019, sinali yatsopano tsiku lomwe imapita ku Tsangano. Ine maganizo anga ndi oti ngati ikukonzeka alipire kukonza konse ndi thiransipoti yomwe, ngati yakanika agule yogwiritsidwapo kale ya mtundu womwewo, woimba wanu akaiyese batani lililonse asanapereke ndalama. Kwaya ikafuna yatsopano iwonjezere yokha pamwamba.

Za kukhululuka sindikutsutsa, musawasungire chakukhosi, ndi kholo lanu ndipo sadachite dala. Kungoti kiyibodi si ya komiti, ndi ya amayi aja adalima m'chisanu cha ku Lizulu, simungawakhululukire katundu wawo iwo osafunsidwa. Khalani pansi ndi akuluampingo ena awiri, mulembe m'buku. Akapempha kupereka pang'onopang'ono kapena kudikira akumbe kachewere, avomereni, koma m'bukumo mulembe kuti adzabweza kiyibodi pofika mwezi wakuti, osalemba nambala ya ndalama, chifukwa mitengo siikudikira munthu. Ndipo kuyambira pano chida chikamabwerekedwa chizipita ndi woimba wanu.

*

Malume, ndimachititsa hayala zoimbira m'maukwati ndi m'zinkhoswe kuno ku Dedza, Bembeke mpaka Linthipe. Vuto ma twita, timasipika ting'onoting'ono totulutsa mawu okwera tija, akungopsa, ndasinthitsa kangapo chaka chino, ampu, chokuzira mawu chomwe chimayendetsa masipika, nayo imatentha moti imazima yokha pakati pa perekaniperekani anthu n'kumandikuwiza. Ndili ndi masipika anayi ndimawalumikiza mbali imodzi ya ampu poti mbali inayo idafa. Ena akuti andilodza anzanga a bizinesi.
Wazoimbira, Dedza boma

Achimwene, musadane ndi anzanu, vuto lili pa mawayapo. Sipika imodzi nthawi zambiri imakhala 8 ohms (muyeso woti nambala yake ikamatsika ampu imalemedwa), mukalumikiza ziwiri pamodzi zimatsika kufika 4, zinayi zimafika 2 ohms, ndipo ma ampu ambiri amafuna 4 kupita m'mwamba, onani kumbuyo kwake padalembedwa. Ndi chifukwa chake ikutentha n'kuzima, ikudziteteza, tsiku lina sidzayakanso. Konzetsani mbali yakufayo muziika awiri uku awiri uku.

Ma twita amapsa kwambiri ampu ikamakakamizidwa. Kagetsi kofiira kolembedwa clip kapena peak kakamayaka osazima, mawu amatuluka osweka ndipo kakoyilo ka twita ndi kopyapyala, kamapsa msanga. Ndikudziwa kuti pa perekaniperekani aliyense amati kwezani, koma kofiirako kakayaka tsitsani pa mikisa. Chinanso ndi a MC oyenda ndi maiki kutsogolo kwa sipika, kulira kwa tswii kuja kumapha twita mphindi yomweyo, nde masipika azikhala kutsogolo, olankhula kumbuyo kwake.

Pa jenereta, ilizeni kaye ikhazikike musanalumikize chilichonse, ampu muziyatsa pomaliza ndipo pozimitsa iyambe ndiyo, apo ayi kugunda kuja kumapita ku masipika. Mafuta akamatha jenereta imayamba kukwera kutsika, musadikire izime yokha zida zili choyaka, ndipo isagawane ndi a firiji ya zakumwa. Fyuzi ikapsa gulani ya nambala yomweyo, zomanga kawaya kapena kapepala konyezimira ka fodya zija ndi zomwe zimatenthetsa ampu yonse. Musamataye twita yathunthu, yambiri imasinthidwa ka diaphragm kokha, kagawo kopyapyala komwe kamanjenjemera n'kutulutsa mawu, ndipo sipika yaikulu koyilo yake amisiri amaikulunganso. Pa hayala iliyonse muzipatula K1,000 pa K10,000 iliyonse kuika pa Mpamba kapena Airtel Money ya payokha yoti ndi ya zokonzetsa basi, ndipo ndalama yoyamba ipite pa mbali ya ampu yakufayo musanavomere ukwati wina.