Galimoto ya gasi ndi petulo: yankho langa kwa achimwene aku Chilomoni

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena aku Chilomoni, dzina sinditchula. Akuti aona galimoto pa webusaiti zija timaitanitsira magalimoto kunja, yalembedwa kuti imayendera CNG (mtundu wina wa gasi, wochita kupanikiza m'silinda) komanso petulo, mtengo wake wofewa, ndiye akufunsa ngati angamakathire gasi komwe madamu amakadzazitsa wophikira uja kuti za mizere ya mafuta aiwale.

Achimwene, imelo yanuyi ndinaiwerenga katatu, chifukwa nzeru imeneyi inandibwerera inenso ndipo pang'onong'ono ikanandipweteka. Kumapeto kwa 2024, mafuta atasowa muja, ndinagona masiku awiri pa filing'i ina ku Limbe. Kugona kwenikweni, mpando wa Sienta nditaugwetsa, udzudzu ukundiimbira m'khutu, mawindo ukatseka kutentha ukatsegula udzudzu, foni ili m'manja kudikira pa gulupu ya WhatsApp ija timauzana komwe thankala yafika. Wina amangolemba kuti yatsitsa ku Ginnery Corner, anthu nkuliza magalimoto ndi timafuta totsala tija kuthamangira konko, kukafika nkupeza kuti ndi dizilo. Ine ndinaphunzira kusasuntha. Akabaza amangolowerera kutsogolo ngati ife enafe tabwera kudzaonera, anyamata a zigubu ali tsidya la msewu kugulitsa lita pa mtengo woti ukaumva umangoseka, ndipo chomwe chimandiwawa mpaka lero nchakuti mafuta awo aja amachokera pa pampu yomweyo yomwe ife timaidikirira.

Usiku wachiwiri ndinacheza ndi bambo wina wa Probox amene anali kumbuyo kwanga, tikudya chimanga chootcha. Iyeyo ndi amene anandiuza kuti jenereta yake kunyumba amayendetsa ndi gasi wophikira, anangogula kachipangizo koika pa kabuleta basi. Izi nzoona ndithu, majenereta ambiri a petulo amatheka kutero. Ndiye mutu wanga wa tulo uja unayamba kuwerengera kuti ngati jenereta ikutheka, nanga Sienta ili ndi chani chapadera. Nditapeza mafuta ndinapita kwa amakaniko ena ku Ndirande, osati anga a masiku onse, ena amene anthu amati palibe chimawakanika. Sanaganize nkomwe, anangoti bwana bweretsani silinda ndi payipi, timangirira mu buti ndi waya, mawa muziyenda. Amene anandipulumutsa ndi mayi akunyumba. Anati silinda yawo siituluka m'khitchini, ngati ndikufuna kuphulika ndikaphulike ndi yanga, ndipo ana sakwera. Ndinakwiya tsiku limenelo, ndisaname. Koma nditakhala pansi nkuyamba kuwerenga bwinobwino ndi pomwe ndinaona kuti ndimafuna kuika bomba kumbuyo kwa mpando womwe ana amakhala popita ku sukulu.

Vuto ndi loti pa Chichewa zonse timangoti gasi. Koma gasi wophikira uja ndi LPG, ndi propane ndi butane, m'silinda amakhala wamadzimadzi, nchifukwa chake mukaigwedeza mumamva kuti khuvukhuvu mkatimo, ndipo mphamvu yomwe amakankhira silinda nthawi zambiri siyifika ndi 10 bar yomwe (bar ndi muyeso womwe timapopera mpweya m'matayala uja). CNG ndi chinthu china. Ndi methane, gasi wokumba pansi, sasanduka madzi m'silinda, amangomupanikiza mpaka 200 bar. Tayala la galimoto yanu mumapopa 2 kapena 2.5, ndiye tangoganizani 200. Nchifukwa chake silinda ya CNG imakhala yachitsulo chokhuthala, yolemera ngati munthu wamkulu, ndipo pothirira pake, mapayipi ake, regyuleta yake, zonse nzosiyana ndi za LPG. Galimoto ya CNG simungaithire gasi wophikira, sizilowana nkomwe. Kusiyana kwina nkwakuti methane ndi wopepuka kuposa mpweya, akamatuluka amakwera m'mwamba nkumwazika, pomwe LPG ndi wolemera, amatsikira pansi nkudikha ngati madzi m'chithaphwi. Ndiye silinda ya m'khitchini ikudontha mu buti yotseka, dzuwa la Okutobala likuwomba pa Chichiri, wina nkuyatsa fodya. Mayi aja amanena zoona.

Komatu musandimve molakwika, magalimoto oyendera LPG alipo ndipo ndi abwinobwino, matakisi ambiri aku Japan akhala akuyendera LPG kwa zaka zambiri, ma Toyota Crown Comfort aja. Koma ali ndi thanki yopangidwira galimoto, yokhala ndi mavavu otetezera, yodzazidwa pa pampu yake. Si silinda ya m'khitchini yomangirira ndi waya.

Galimoto ya CNG ndinaiona ndi maso anga ku Dar es Salaam, nditapita kukatenga galimoto ya alamu anga ku doko. Wa takisi amene amatizungulitsa anali ndi Toyota IST, akuliza m'mawa imayamba ndi petulo, injini ikangofunda pang'ono mumamva ka "tiki" nkusinthira ku gasi yokha, pa dashibodi pali kabatani kokhala ndi timagetsi tosonyeza gasi watsala bwanji. Imayambira petulo chifukwa gasi akamatsika kuchoka pa 200 bar amazizira kwambiri, ndiye regyuleta ija imafunika kutenthedwa ndi madzi a mu injini. Gasi akatha imabwerera ku petulo yokha, simuima. Mkuluyo amayamikira kwambiri, akuti ndalama ya mafuta yomwe amaononga kale pano imatsala m'thumba. Koma buti yonse inali silinda, zikwama zathu tinanyamula pamiyendo. Ndipo nkhani yomwe inandiseketsa ndi iyi: anatipempha kuti tidutse ku Ubungo akathire gasi, kukafika kuli mzere wa mabajaji (tinjinga tamoto ta matayala atatu) ndi matakisi wautali ngati wathu wa ku Limbe uja. Ndinaseka mpaka alamu anandigwira paphewa. Kuthawa mzere ku Blantyre nkukaupeza ku Dar. Kusiyana kwake nkwakuti kwa iwo gasi alipo, chochepa ndi malo othirira, pomwe kwathu kuno chomwe chimasowa ndi mafuta enieniwo.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, achimwene. A Tanzania ali ndi gasi wawo. Wa ku Songo Songo anayamba kufika mu Dar mu 2004, ndipo mu 2015 anamaliza payipi ina ya makilomita opitilira 500 kuchokera ku Mtwara. A Mozambique ali naye ku Pande ndi Temane m'chigawo cha Inhambane, koma payipi yake ya makilomita 865 inaloza kummwera, ku Secunda ku South Africa, ndipo malo othirira CNG ali ku Maputo ndi Matola, kutali ndi ife. Mukatuluka pa Mwanza nkulowa Tete chomwe mupeze ndi malasha a ku Moatize. Ku Pakistan, Iran, India, Argentina komwe magalimoto a CNG ali mbwee, konseko kuli mapayipi a gasi ofika m'matauni. A Nigeria anayamba kulimbikitsa CNG boma litachotsa sabuside ya petulo mu 2023, koma nawonso gasi ndi wawo. Ife kuno sitikumba gasi, payipi yake palibe, ndipo mu Blantyre monse muno kuyambira Kameza mpaka Bangwe palibe pampu ya CNG. LPG yemweyo timachita kuitanitsa kunja pa ma thiraki, ndi ma dola omwewo amene amasowa pogula petulo. Anthu amaiwala zimenezi. Petulo sasowa chifukwa watha ku Beira, Nacala kapena Dar, amasowa chifukwa cha foleksi, ndiye kusintha kuchoka pa chinthu choitanitsa kupita pa china choitanitsa sindikuona chomwe tapindula. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 gasi wophikira sanatsale, anakwera naye.

Ndipo zimandinyansa, ndinene poyera, anthu akamaika mavidiyo aku India pa Facebook nkumati Amalawi tikugona, onani anzathu akuyendera gasi. Sitikugona pa CNG, tilibe. Pomwe tikugona zenizeni ndi pa ethanol. Dziko lino linayamba kusakaniza ethanol mu petulo mu 1982, kampani yopanga ethanol ya Ethco itatsegulidwa ku Dwangwa, pomwe maiko ambiri asanaganize nkomwe. Inzake ya PressCane ku Chikwawa inayamba mu 2004, pompano apa, kungotsika Thabwa. Amapanga kuchokera ku molasesi, zotsalira popanga shuga. Petulo amene mumathira pa pampu ali kale ndi ethanol wathu mkatimo. Ku Brazil kuyambira 2003 amagulitsa magalimoto oti muthire petulo, muthire ethanol, musakanize mmene mukufunira, thanki ndi imodzi yomweyo, buti ili yonse. Ngati pali galimoto ya mafuta awiri yoyenera dziko la nzimbe ngati lino ndi imeneyo. Nkhani yoyendetsa magalimoto ndi ethanol yekha yakambidwa kuno kangapo, kuyesa kunachitika, koma pa pampu tikudikirabe. Nzimbe timalima tokha ku Nchalo ndi ku Dwangwa, sizifuna dola kuti zimere. Chabwino, feteleza amafuna dola, ndikudziwa wina andilembera zimenezo, koma mukundimva.

Ndiye mugule kapena ayi?

Ngati mukugulira kuti muthawe mizere, ayi. Mu Blantyre galimoto imeneyo ikhala ya petulo basi, yonyamula silinda yopanda kanthu kukwera nayo mtunda wa Chilomoni tsiku ndi tsiku. Ngati mwangoikonda ndipo mtengo ndi wabwinodi, onetsetsani kaye kuti ndi ya mafuta awiridi, chifukwa ena olembedwa CNG amayendera gasi yekha, alibe thanki ya petulo, imeneyo muikweza pa lole kuchokera ku doko mpaka kunyumba. Funsaninso kukula kwa thanki ya petulo, ma Golf TGI ena atsopanoko ali ndi kathanki ka malita 9 kokha, koti simungayende nako ulendo wa ku Lilongwe. Silinda ili ndi deti yopangidwira ndi yothera ntchito yodindidwa pakhosi pake, muuzeni wogulitsayo akujambulireni. Ndipo musalole munthu aiwotcherere kapena kuisandutsa ya gasi wophikira, ku Benin City ku Nigeria mu 2024 galimoto inaphulika pothira CNG chifukwa silinda yake inali yochita kuwotcherera, anthu anavulala.

Kwa amene mumayenda ku Dar pafupipafupi nkhani ndi ina, koma dziwani kuti silinda imodzi ya galimoto yaing'ono imakuyendetsani makilomita cha m'ma 200, ndiye musanafike ndi ku Iringa komwe mwabwerera kale ku petulo. Pa gasi galimoto imachepanso mphamvu pang'ono, pa mtunda mumaimva, ndipo injini yomwe sinapangidwire gasi mavavu ake amatha msanga chifukwa gasi ndi wouma.

Bambo wa Probox uja ndinakumana naye mwezi watha ku Wenela, jenereta yake ikuyendabe pa gasi, koma Probox anagulitsa, pano akuyenda pa njinga yamoto. Akuti imadya pang'ono ndipo pa mzere amalowerera kutsogolo.