Zibade za timbewa tija, yankho kwa malume

Eya malume, ndamva funso lanu lija, loti timbewa ta mchira waubweya ngati gologolo tija, ma dormouse, ena amati kadyamlamu, bwanji asayansi amavutika kuyeza zibade zake pomwe tonse timaoneka chimodzimodzi. Ayi ndithu malume sitofanana, mungoti mwaika zibade ziwiri pa tebulo mudabwa.

Poyamba mano, dormouse ali ndi mano 20 pomwe khoswe ali ndi 16 basi, ndiye ngakhale mutangotola chibade chokha mukhoza kudziwa kuti uyu si khoswe. Koma chomwe chimandikoka mtima ine ndi cha ma Graphiurus, gulu la ma dormouse a mu Africa muno. Pali wina amakhala m'mitengo, kamutu kake kabwinobwino, ndiye pali m'bale wake wa m'miyala, Graphiurus platyops, chibade chake ndi chophwatalala, chafulati ndithu, kuti azitha kulowa m'ming'alu yopapatiza momwe adani ake ambiri sangafike. Mwalawo ndi umene unaumba mutu wake, mibadwo ndi mibadwo, taganizani!

Ndiye kuzilumba nkhani imakula. Ku Malta ndi Sicily anafukula mafupa a dormouse wakalekale, Leithia, thupi pafupifupi ngati kalulu, chifukwa pachilumba zilombo zodya anzawo zimachepa ndiye tinyama tating'ono timakula. Ngakhale lero ma garden dormouse, mtundu wina wa timbewa timeneti, a pa chilumba cha Formentera ndi okulirapo kuposa anzawo a kumtunda ku Spain.

Kuyezako amatenga caliper, kachipangizo koyezera zinthu zing'onozing'ono, nkuyeza kutalika kwa chibade, nsagwada, mzere wa mano, timafupa totukuka ta kukhutu tija, ena amajambula nkuika timadontho pa kompyuta kenako kufananiza gulu ndi gulu. Apa pokha pamafunika kusamala malume, chifukwa wamng'ono ndi nkhalamba zibade zimasiyana kale, chakudya cholimba nachonso chimasintha nsagwada, ndiye munthu wopupuluma akhoza kulengeza mtundu watsopano pomwe wangofananiza mwana ndi gogo wake. Nchifukwa chake masiku ano amaphatikiza ndi DNA. Mwachitsanzo, ma dormouse ena a ku Iran kwa nthawi yaitali ankawerengedwa limodzi ndi Glis glis wa ku Ulaya, mpaka 2021 pomwe anawapatula kuti ndi Glis persicus.

Ine zimandikhudza chifukwa nkhalango ikatha pamalo amodzi, kagulu kamene kanali ndi kamutu kakekake kamatha nako, sikangapezekenso kwina. Mundiuze malume ngati mukufuna chithunzi cha wa mutu wafulati uja, ndikutumizirani.