Injiniya akasiya fakitale n'kukalangiza boma: yankho kwa chemwali wa ku Ngabu

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa ku Ngabu amene ali chaka chachitatu ku MUST, ku Ndata kuja, komwe akuphunzira chemical engineering. Mwachidule akuti: "Anzanga onse maso ali pa fakitale ya shuga ku Nchalo kapena ya ethanol ku Dyeratu. Ine mtima uli pa ntchito yolangiza boma pa nkhani za sayansi, koma kunyumba akuti kumeneko n'kutaya sukulu, kukangokhala mu ofesi n'kumalemba mapepala. Kodi injiniya amachita chiyani kumeneko, nanga ndingafikeko bwanji?"

Chemwali, akunyumba sanakunamizeni, mapepala ndi ambiri ndithu. Koma pa pepala lililonse lotere pamakhala nambala imodzi kapena ziwiri zimene mafakitale onse m'dziko muno ayenera kumvera, ndipo pamafunika munthu wodziwa kumene nambalayo yachokera. Ntchito imene mukufunsayo ndi imeneyo.

Titenge za petulo, popeza nzimbe zake zili kwanu konko. Dziko la Malawi linayamba kusakaniza ethanol mu petulo mu 1982, fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa, ndipo ya PressCane ku Chikwawa inadzayamba mu 2004. Woyang'anira za mafuta ndi bungwe la MERA. Ndiye tiyerekeze kuti nduna yafunsa: bwanji osakweza mlingo wa ethanol kuchoka pa malita 10 kufika pa 20 mwa malita 100 alionse, kuti tisunge ndalama zakunja? Anduna akuona forex. Inu muyenera kubwerera m'mbuyo mpaka kukafika m'munda. Malita 1,000 a ethanol amafuna pafupifupi matani 4 a molasses, manyuchi akuda aja a nzimbe, ndipo molasses amene amatsala popanga shuga sapitirira kwenikweni makilogalamu 30 mpaka 40 pa tani imodzi ya nzimbe. Ndiye kuti malita 1,000 aja akufuna matani 100 a nzimbe kapena kuposerapo. Chulukitsani ndi petulo amene dziko limagwiritsa ntchito pa chaka, muona nokha ngati minda ilipo yokwana. Onjezanipo kuti nzimbe zimagayidwa miyezi ya chilimwe, kuyambira cha mu Epulo mpaka mvula ikayandikira, pamene galimoto zimayenda chaka chonse. Pakufunika mathanki osungira, ndipo wina alipire. Onjezaniponso kuti lita ya ethanol ili ndi mphamvu pafupifupi magawo awiri mwa atatu a lita ya petulo, choncho wa kabaza wa njinga yamoto ku Bangula azindikira msanga kuti mafuta akutha msangako pang'ono.

Palinso madzi. Potcheza, ethanol amaima pa maperesenti pafupifupi 95, ndipo madzi otsalawo sachoka ngakhale mutatcheza kangati. Ndiye chifukwa chake mafakitale amamudutsitsa mu molecular sieve, sefa yapadera yogwira madzi, kuti afike pa maperesenti 99.5 asanapite mu petulo. Koma khama lonselo limapita pachabe madzi akalowa mu thanki ya pansi pa nthaka pa filling station, zomwe sizachilendo kuchigwa kuno madzi akasefukira. Ethanol amakoka madzi, n'kusiyana ndi petulo, n'kutsikira pansi, pomwe pampu imakoka. Galimoto yothira mafuta amenewo siipita patali. Lamulo lolembedwa ndi munthu wodziwa limanena kuti mathanki aziyezedwa madzi kangati, komanso kuti phala lopaka pa ndodo yoyezera likhale loyenerana ndi mafuta a ethanol, chifukwa phala wamba nthawi zina silisintha mtundu. Lolembedwa ndi wosadziwa limangoti mafuta akhale abwino.

Pamene injiniya wa boma amakhetsa thukuta kwambiri ndi pa madzi otayidwa. Lita iliyonse ya ethanol imasiya malita 10 mpaka 15 a vinasse, madzi akuda, owawasa, onunkha ngati shuga wopserera. Ali ndi potaziyamu wambiri, moti akathiridwa m'munda mwa mlingo amakhala feteleza. Akalowa mumtsinje, tizilombo timadya zotsalira za shugazo n'kumaliza okosijeni yense. Muyeso wake ndi BOD, kutanthauza okosijeni amene tizilombo timafuna kuti tidye zonyansa za m'madzimo: zonyansa za m'zimbudzi za m'tauni zimakhala pa mamiligalamu 200 mpaka 400 pa lita, pamene vinasse amafika pa masauzande makumi angapo. Tsono madzi otentha amasunga mpweya wochepa kale. Pa madigiri 20, lita ya madzi imasunga okosijeni wokwana mamiligalamu pafupifupi 9, pa madigiri 30 amatsikira cha pa 7.5. Inu mukudziwa mmene Okutobala amaotchera ku Ngabu. Mlingo wokopera m'buku la ku Ulaya, wolembedwera mtsinje wozizira, ukhoza kuoneka waukhondo papepala koma n'kupha mphende mu Elephant Marsh, dambo limene linalowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse lapansi, mu 2017. Ndipo musanyengeke msodzi akakuuzani kuti milamba ilipobe. Mlamba umatha kupuma mpweya wa pamwamba, umatsala zina zonse zitafa.

Nambala yabwino ikapezeka, funso lachiwiri ndi loti ndani adzaiyeza. Apa ndi pamene malamulo ambiri amagwera m'dzenje. BOD imayezedwa kwa masiku 5 pa madigiri 20, ndipo sampulo iyenera kuyenda mu ayezi, cha pa madigiri 4, n'kufika ku labu pasanathe tsiku limodzi kapena awiri. Ganizirani botolo lotungidwa ku Chiromo masana, loikidwa kumbuyo kwa pikapu, kukwera phiri pa Thabwa mpaka ku Blantyre, ayezi atasungunukira pa Nchalo. Tizilombo tadya kale zina panjira, zotsatira zituluka zotsika, ndipo madzi oipa akhoza mayeso. Kapena zituluke zokwera, koma loya wa kampani angofunsa kuti botololi linasungidwa bwanji, ndani anasainira, mlandu n'kuthera pomwepo. Wolangiza wanzeru amalemba m'lamulo momwemo njira yotungira, yosungira ndi yosainirana, ndipo amaonjezapo miyeso yoti ichitike pamtsinje pomwepo ndi kamakina kam'manja: pH (kuwawasa kwa madzi), kutentha, okosijeni ndi conductivity (mmene madzi akudutsitsira magetsi). Kamakina ka conductivity komweko ndi kamene kamaonetsa mchere m'mijigo, vuto limene amayi a ku Chikwawa ndi Nsanje safuna kuuzidwa ndi munthu. Ngalande ya Shire Valley Transformation Programme (SVTP) yochokera ku Kapichira ikamabweretsa madzi m'minda yatsopano, nkhani ya mchere wokwera m'dothi ndi ngalande zotayira madzi ifuna anthu a masamu ngati anu omwewa.

Maofesi ake alipo angapo. Malawi Bureau of Standards (MBS), imene inakhazikitsidwa mu 1972, imalemba miyezo ya katundu, kuphatikizapo vitamini A wa mu shuga ndi ayodini wa mu mchere. MEPA, bungwe loteteza chilengedwe, inabwera ndi lamulo la zachilengedwe la 2017 ndipo imaunika malipoti a ESIA, onena mmene ntchito idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, fakitale isanamangidwe. National Commission for Science and Technology (NCST), yochokera m'lamulo la sayansi ndi luso la 2003, imalangiza boma pa sayansi yonse. Palinso MERA, National Water Resources Authority, Pesticides Control Board ndi maunduna eni ake. Ku MBS muyezo umayambira m'komiti ya akatswiri, momwe mumakhala a mafakitale, a mayunivesite, a boma ndi oimira ogula. Ukalembedwa umaperekedwa kuti anthu aikepo ndemanga, kenaka uvomerezedwe, ndipo umakhala wokakamiza pokhapokha utalengezedwa mu Gazette. Lamulo lalikulu limayenda ulendo wautali kuposa apa: unduna, kabineti, a zamalamulo ku Unduna wa Zachilungamo, Nyumba ya Malamulo, siginecha ya Pulezidenti.

Mtima wachangu kumeneku umapweteka mwini. Malamulo oletsa mapepala apulasitiki opyapyala, osafika ma micron 60, analembedwa mu 2015. Opanga mapulasitiki anathamangira kukhoti, Supreme Court inagamula mokomera chiletsocho mu 2019, koma ziletso zina za khoti zinatsatirabe. Sayansi yake inali yosavuta, kachida kamodzi koyezera kukhuthala kwa pepala basi. Zaka zinathera pa zina.

Tsiku wamba la ntchitoyi ndi kuwerenga lipoti la masamba 200, kupeza kuti madzi olowa m'fakitale ndi otuluka sakugwirizana, n'kulemba tsamba limodzi loti bwana awerenge m'galimoto popita kumsonkhano. Tsambalo liyambe ndi zimene mukufuna asankhe, kenaka mtengo wake, kenaka amene adzadandaule. Ma equation asiyeni kumapeto. Ainjiniya ambiri amagwa apa chifukwa amafuna kuonetsa masamu onse, bwana n'kutopa asanafike pa mfundo. Tsiku lina mudzaima pansi pa mtengo pamaso pa a Gulupu ndi anthu awo kufotokoza chifukwa chake mjigo wina watsekedwa, ndipo kumeneko mawu oti milligrams per litre sagula kanthu. Chimang'anja kapena Chisena chanu chidzakuthandizani kuposa satifiketi.

Za njira, ife malangizo athu ndi oti musathamangire ku Capital Hill mukangovala gauni. Yambani mwagwira ntchito m'fakitale zaka ziwiri kapena zitatu, makamaka ya mashifiti, muone mmene pampu imafera usiku ndi mmene manambala amalembedwera m'buku foromani akatopa. Wolangiza amene sanaonepo zimenezi amanamizidwa mosavuta, komanso amalemba malamulo osatheka kutsatira. Lembetsani ku Malawi Engineering Institution ngati graduate engineer ndipo muzisunga mbiri ya ntchito iliyonse imene mwagwira, yosainidwa ndi injiniya wolembetsedwa, chifukwa idzafunika pokwera. Digiri yachiwiri ibwere pambuyo pake, ya zachilengedwe, zamphamvu kapena ya science policy yeniyeni monga ya ku SPRU pa University of Sussex. Chevening, sikolashipu ya boma la Britain, imafuna kuti mukhale mutagwirako ntchito zaka ziwiri, choncho zaka za kufakitale zija zikuwerengedwanso pamenepo. Malipiro a boma kawirikawiri amachepa poyerekeza ndi a kufakitale, zimenezo akunyumba auzeni poyera. Ndipo mukadzakhala m'komiti yokamba za kampani imene munagwirako, nenani msanga, zilembedwe mu maminitsi.

Holide ikubwerayi, pemphani attachment kumbali ya madzi otayidwa kapena ku labu, kumene anzanu ambiri sakufunako. Pezani lipoti limodzi la ESIA la ntchito ya kuchigwa kuno, a SVTP ali pa intaneti, muwerenge chaputala cha madzi ndi pensulo m'manja. Werengetsani nokha madzi olowa ndi otuluka. Mukatero lembani tsamba limodzi la zimene mwapeza, m'Chingerezi, kenaka mulilembenso m'Chichewa, mukawerengere amayi kunyumba muone pamene akufunsa kuti "mwati chiyani?"