Sitima zamagetsi za ku Isle of Man zikuyendabe

Mwafunsa ngati sitima zamagetsi za pa chilumba cha Isle of Man, pakati pa Britain ndi Ireland, zikadalipo, komanso kuti zinayamba liti. Zilipo ndithu achimwene, ndipo zimanyamula anthu nyengo ya alendo.

Njanjiyi, yomwe pano imatchedwa Manx Electric Railway, inatsegulidwa mu 1893 kuchokera ku Douglas, likulu la chilumbachi, kukafika ku Groudle. Mu 1894 inafika ku Laxey, kenako ku Ramsey mu 1899, mtunda wa makilomita pafupifupi 27 m'mphepete mwa nyanja. Eni ake ankafuna ndalama za alendo odzapuma patchuthi, komanso kuti malo omwe njanji ikudutsa akwere mtengo.

Zinthu zinavuta mu 1900 pomwe banki ya Dumbell's inagwa. Kampani ya njanji inkadalira banki imeneyi, ndiye nayonso inagwera limodzi, mpaka ena anaigula mu 1902. Mu 1930 moto unapsereza shedi ya ku Laxey pamodzi ndi ngolo zingapo. Boma la chilumbachi linatenga njanjiyi mu 1957, apo ayi bwenzi itazulidwa kalekale.

Chomwe chimandisangalatsa ine ndi ngolo nambala 1 ndi 2. Ndi zomwe zija za mu 1893, zamatabwa, mtengo wokoka magetsi uli padenga, ndipo zikugwirabe ntchito pa njanji yomweyo.

Musaisokoneze ndi ya Snaefell, yokwera phiri kuchokera ku Laxey, ya mu 1895. Imeneyo mpata wa njanji zake ndi mafiti 3 ndi mainchesi 6, ngati njanji yathu kuno ku Malawi, pomwe ya ku Ramsey ndi mafiti 3 basi.